Kuyenda Wapansi Pofuna Kusunga Njinga

Lolemba
Nkhani ya chizungulire chimene chinandigwetsa ndi njinga yamoto m'tiyi sabata yatha yafika kwa a Manijala. Anditumiza ku kiliniki ya esiteti. Anesi andimanga lamba pamkono, kenako andilozera kabokosi kathabwa: kwerani, tsikani, kwerani, tsikani, mpaka iwo anene. Ine woyang'anira minda yonse ya kumtunda, ndili kukwera bokosi ngati mbuzi pachulu. Zotsatira: BP yakwera, mtima ukuchedwa kukhazikika, mimba yatsogola. Mankhwala ake: kuyenda ndawala theka la ola tsiku lililonse, mofulumira moti kuyankhula ndizitha koma kuimba ayi. "Zikapanda kusintha, njinga ija simukweranso." Njingayo ndi ya kampani, koma ulemu wake ndi wanga. Ndiyamba mawa.

Lachiwiri
Njinga yatsala pakhonde. Nsapato zachinsalu, kabudula amene batani lake lakana. Ndawala yathera pamzere woyamba wa tiyi. Othyola onse aima, madengu kumsana, moni. Kuno munthu sumupatsa moni ukuyenda. Uime, ufunse kunyumba, ufunse ana, nayenso akufunse. Panjinga ndimangoliza hutala, basi. Wapansi aliyense ndi m'bale wako. Ndamva za maliro ku Khwethemule, za mbuzi yosowa, za denga lodontha. Thukuta silinatuluke.

Lachitatu
Njira ina, kuseri kwa fakitale. Oima kuti anditenge: thirakitala ya tiyi, abusa, wakabaza. Ndakana onse. Wakabaza uja: "Kwerani ulere abwana, zimachitika izi." Zimachitika ziti? Sindinafunse. Pachitunda ndapuma wefuwefu pang'ono, ndasangalala.

Lachinayi
Zija zimachitikazi ndazidziwa. Kumalaini, kunyumba za antchito, akuti njinga andilanda. Kusikelo yoyezera tiyi akuti ntchito yatha kale, ndikungodikira galimoto ya katundu. A Makwinja, kapitawo wanga, afika kunyumba ndi phava la nthochi ndi chinangwa, chipewa m'manja. "Limbani mtima bwana, ife tili nanu." Ndafotokoza za bokosi, za mtima, za anesi. Amvetsera mwaulemu ngati pamaliro, kenako abwereza kuti ndilimbe mtima. Mayi akunyumba alandira chinangwacho osatsutsa kanthu. Tadya.

Lachisanu
Nzeru zatsopano: wothamanga sapatsidwa moni. Ndathamanga, chiperoni chikundiwaza kumaso. Kulakwa! Kuno munthu wamkulu sathamanga chabe. Ndi moto, ndi njuchi, kapena ndi wakuba. Pocheuka, alonda awiri ali pambuyo panga ndi zibonga, othyola ataya madengu, mayi wina akukuwa. "Walowera kuti, bwana?" Mpweya woyankhira ndilibe. Ndangotukula dzanja kuti adikire, dzanjalo laloza kubulugamu. Onse kubulugamu! Asakasaka mpaka dzuwa pamutu. Tiyi wa munda wonse wafika kufakitale mochedwa. Koma mtima lero wagunda ndithu, anesi akanakondwa.

Loweruka
A Manijala andiitana. Za wakuba wa dzulo amva. Za njinga yogona pakhonde sabata yonse amvanso. Wofikitsa uthenga ndi a Mwale a kusitolo, amene akhala akuisirira njingayo kuyambira tsiku imene inabwera. A Manijala akumwetulira. "Since mukukonda kuyenda, that's a very good example. Koma njinga ya kampani isamangokhala." Ndimafuna kunena kuti ndikuyenda wapansi pofuna kuisunga njingayo. Ndaziyesa mumtima, zamveka zamisala ngakhale kwa ine. Makiyi ndapereka ndi manja awiri. Zandiwawa, sindinama.

Lamulungu
Kutchalitchi wapansi. Apempherera "m'bale wathu amene akudutsa m'mayesero", mpingo wonse maso pa ine. Ameni ndavomera nawo. Potuluka a Mwale andidutsa panjinga ija, hutala kawiri, fumbi. Pachipata ndakumana ndi anesi. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba. "Mwayamba bwino abwana. Chonde musasiye."

Minda ya kumtunda ili kuseri kwa phiri, ndipo mawa ndiyenera kukafika sikelo isanayambe. Nsapato zachinsalu ndachapa, zili padenga. Kusiya ndisiya bwanji?