Mwala wa Nabanda ndi Mahatchi Awiri

Lolemba
Ndadzuka ndi nzeru! Loweruka tikutsegula chiliza cha mkazi wanga, malemu Nabanda, kumudzi kwawo kuseri kwa Likuni. Mwala wolembedwa dzina lake uli kwa osema ku Area 2. Zaka zonse ndinkamulonjeza kumukweza pangolo yokokedwa ndi mahatchi, ndinkangoti mawa. Iye sanakwere, koma mwala wake ukwera.
Mahatchi ndili nawo awiri, anandisiyira bwana wa ku Area 10 pobwerera kwawo:
Namondwe, wamphongo, amakwiya ngakhale ndi gulugufe.
Chifatso, wamkazi, ankanyamulira Nabanda ndiwo zamasamba kupita kumsika.
Ndapezeka ndikuimba mluzu. Ine!

Lachiwiri
Che Juma, kalipentala, abweretsa ngolo ndi goli la ng'ombe. Namondwe akuliyang'ana golilo, akundiyang'ana ine, kenaka phaa! Thabwa lakutsogolo lathyoka pawiri. Chifatso akugona chiimirire.
Che Juma, ali pamwamba pa mpanda: "Achimwene, hatchi si ng'ombe!"
Ndaseka mpaka chifuwa kuwawa.

Lachitatu
Zingwe zatsopano za matayala akale ndi masaka. Namondwe wathamanga ndi ngolo, wabwerako ndi mpini wa ngolo wokha. Iyeyu ntchito yamuthera. Watsala Chifatso, koma sakusuntha. Ndayesa:
Chingerezi cha bwana
mluzu
gaga
kumuchonderera, chipewa chili m'manja.
Wangoyasamula.

Lachinayi
Ndatsegula sutikesi ya Nabanda koyamba chimwalirireni, kufuna chitenje chokutira mwala. Ndakhala nacho pansi kanthawi. Potuluka, Chifatso wadzutsa makutu, wanunkhiza chitenjecho, akunditsatira. Ndikapita kumanja, nayenso kumanja! Ndachimanga m'chiuno, tazungulira bwalo kanayi, ngolo yokonzedwanso ili gubudugubudu.
Amayi oyandikana nawo nyumba, motsitsa mawu: "Bambo, tiitane abusa?"
Ayi mayi, itanani anthu adzaone!

Lachisanu
Ulendo wa ku Area 2. Ine kutsogolo ndi chitenje, Chifatso ndi ngolo, Namondwe pambuyo chifukwa sakhala yekha. Pachipata cha msika anyamata oona makadi a chipani: "Yanu taiona, madala. Nanga ya awiriwa?" Namondwe wangofwenthera kamodzi. Njira yonse yathu!
Mwala takweza. Koma Chifatso wakhotera yekha kwa mayi wina wogulitsa mandasi, waima nji.
Mayiyo, Abiti Saidi: "Uyu si wa Anabanda uyu? Lachisanu lililonse atatu: awiri a hatchi, limodzi lawo. Ankati abambo asadziwe."
Nabanda amene ankandiuza kuti zamafuta samadya! Ndagula atatu.

Loweruka
Tanyamuka m'mamawa ndi Che Juma, mwambo uli pa teni koloko. Chifatso waima kwa telala. Waima kwa mayi woluka tsitsi. Waima kwa amayi a kwaya. Ndiye kuti njira ya Nabanda inali imeneyi! Ponseponse akuzindikira chitenje, akundikhazika pansi, akundiuza nkhani yake imene sindinaimvepo. Akuti ankayeseza kayendedwe kanga, manja kumbuyo, anthu n'kumagwa ndi phwete. Tiyi ndamwa kanayi.
Dzuwa pamutu, tikadali pamlatho wa Lilongwe. Alamu anga a Chisale atulukira pa lole yobwereka ya fodya, maso ali psuu.
"Alamu, abusa aimbitsa nyimbo zonse za m'buku! Ndipo mwavala chiyani?"
Mwala wakwera lole. Inenso. Mahatchi abwerera ndi Che Juma, akuwanyengerera ndi mandasi.

Lamulungu
Chiliza chatsegulidwa dzulo mochedwa, chaima bwino. Lonjezo langa lathera pamlatho. Ndavomera. Mwina Nabanda nayenso akanakwera ngoloyo sakanafika msanga, akanatsika pakhomo lililonse.
Ngolo ndabweza kwa Che Juma. Chitenje sindikuchibwezera m'sutikesi, ndachipachika m'khola.
Mandasi atatu: awiri a Chifatso, limodzi langa. Ndisanalume, Namondwe wandilanda.
Lachisanu ndikagula anayi.