Mbama ya a Tomezo

A Tomezo, ogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, m'katauni ka kumapiri kumene tinkachitira zisudzo, ankakhulupirira kuti akavala zakuda saoneka. Pansanja zimenezo n'zoona. Kuroko, munthu wovala zakuda mpaka kumaso, amalowa sewero lili mkati, kuchotsa mpando, kupereka lupanga, ndipo oonerera amachita ngati sanamuone. Vuto la a Tomezo linali loti mwambo umenewu ankayenda nawo paliponse.

Ife tinali ana a payunivesite. Tchuthi cha nyengo yotentha chikafika, tinkabwereka nkhokwe yakale ya mpunga n'kuisandutsa holo, nyenje zikutisokosa kunja. Palibe anawaitana a Tomezo. Anangotulukira, atavala kale zakuda za kuroko.

Tikamagawana chivwende, dzanja linkadutsa paphewa pa munthu n'kunyamula chidutswa chachikulu.

"Bambo Tomezo, chimenecho n'changa," ankadandaula mnzathu Shigeru.

Zii. Njere zokha zinkagwa kuchokera pansi pa nsalu yakumaso. Akamaliza, ankavula nsaluyo n'kudabwa nafe limodzi. "Chivwende chasowa? Muzisamala ana inu, kuno kuli akhwangwala."

Pansanja ndiye kunali kulira. Wina akaiwala mawu, ankamunong'oneza mpaka akumbuyo kumva. Tsiku lina mfumu ya m'sewero ikulira mwana wake, iwo akukoka mpando, anasuzumira kwa oonerera. "Mayi Noguchi, ndikusungireni tofu mawa?"

Zonsezi tikanazipirira. Koma panali Fumie, amene pakati pathu ndiye yekha ankadziwadi kusewera. Chaka chathu chomaliza kunabwera bambo wina wochokera ku Tokyo kudzafuna achinyamata a gulu lake la zisudzo. Anabwera chifukwa cha Fumie, tonse tinkadziwa. Tinawapempha a Tomezo kuti tsiku limenelo angochita ntchito yawo: Fumie akamwa poizoni n'kugwa, adikire, kenako amutchinge ndi nsalu kuti atuluke.

Fumie anafa bwino kwambiri. Holo yonse inali chete, mayi Noguchi akupukuta misozi. Kenako udzudzu unatera patsaya pa malemu. Ine ndinali kumbali, nditagwira chingwe cha katani, ndipo ndinawaona a Tomezo akunyang'ama. Anakweza dzanja. Phaa.

"Mayo," anatero malemu, n'kudzuka.

Anthu anaseka mpaka ena kutuluka panja. Wa ku Tokyo uja anakwera sitima yam'mawa osatsanzika.

"Mwandimenyeranji?" anafunsa Fumie titatseka katani, tsaya lili psuu.

"Ine?" anatero a Tomezo, nsalu yakumaso ili m'manja. "Anandiona ndani?"

"Holo yonse."

"Ndiye kuti holo yonse ilibe mwambo."

Fumie sanapitenso ku Tokyo. Anaphunzitsa ana kwawo mpaka kupuma pantchito, ndipo dzina la a Tomezo ankalitchula ngati akulavula njere.

Mwezi wathawu a Tomezo anamwalira atakalamba kwambiri. Tinapitako atatu, ine, Shigeru ndi Fumie, tonse aimvi.

"Usakachite zamanyazi, mayi iwe," anatero Shigeru m'sitima.

"Sanapepese," anayankha Fumie. "Mwina poti agona, amva."

Tinawapeza m'bokosi atavekedwa mkanjo woyera, monga timachitira ndi akufa. Ife tonse tinali m'zakuda. "Lero osaoneka ndi ife," ananong'ona Shigeru.

Fumie anawerama pabokosi, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kunja kunkatentha, mawindo ali otsegula, ndipo ntchentche inalowa n'kutera patsaya pa a Tomezo. Fumie anakweza dzanja. Shigeru anandigwira mkono. Ine ndinangomuleka. Ndinkaona kuti ndi ufulu wake.

Dzanjalo linatsika pang'onopang'ono, n'kukupiza, ntchentche n'kuuluka.

"Amachita chonchi, bambo," anatero Fumie. "Zinali zovuta?"

Anawakonzera khosi la mkanjo, n'kubwerera pamalo pake.

Madzulo ake tinadutsa kunkhokwe kuja. Ana ena akuchitabe zisudzo. Kuroko wawo ndi waulemu, saonekadi. Mipando inkangochoka yokha, ndipo amene anafa anafa mpaka kumapeto. Fumie anati sewero linali labwino. Shigeru anagona lili pakati. Potuluka tinagula chivwende, n'kukhala pakhonde. Aliyense anadya chake, ndipo chidutswa chachikulu chinatsala m'mbale.