Kambuzi pa Chidendene

Lamulungu lija madzulo ndinakhala pakhonde, phazi langa lili pamiyendo pa mkazi wanga Nangondo, akunditikita chidendene ndi mafuta a nsatsi monga ankachitira masiku onse. Ankayambira pachidendenepo n'kumakankha ndi chala chachikulu mpaka kuzala, uku akundinyogodola. "Bambo a Dalitso, limeneli ndi phazi kapena khasu?" Lachitatu lake tinamuika m'manda.

Zimenezo tizisiye, anzanga, lero ndikufuna museke.

Chidendene sichidziwa maliro. M'mawa uliwonse ndikangotsika pabedi zinkakhala ngati ndaponda msomali. Patapita miyezi ndinati basi, mphunzitsi wamkulu wathunthu ndingalephere kudzitikita ndekha? Ndipo tsiku lake ndinasankha labwino zedi, tsiku limene kusukulu kwathu, cha ku Nsambe, kunkabwera mlendo wamkulu wa chipani. Ndinalowa m'khitchini chimfine chitanditseka mphuno, pawindo panali mabotolo awiri a mafuta, ine n'kutenga limene linali pafupi. Ndinapaka, ndinatikita mwaluso ndithu, manja ndinangopukuta ndi kansanza, sokosi, nsapato, ulendo. M'njira phazi linayamba kufunda, ine mumtima kudzitama kuti mankhwala agwira.

Anandikhazika patebulo la alendo, pafupi ndi a tcheyamani a dera lathu, kumbuyo kwathu kutaima anyamata a chipani a malaya ofiira aja. Inu amene munaliko masiku amenewo mukudziwa: mlendo wa chipani akamalankhula sudzuka, suyasamula, ngakhale kutsokomola umayamba waganiza za ntchito yako. Ena anasamutsidwa pa zochepa kuposa pamenepo.

Mlendo atangoyamba za ubwino wa feteleza, thukuta linafikitsa mafuta aja m'ming'alu ya kuphazi. Mayo ine! Moto! Pamenepo mpamene ndinakumbukira kuti limodzi mwa mabotolo aja Nangondo ankaviikamo tsabola wa kambuzi. Nditani tsono? Ndinavula nsapato mwakachetechete pansi pa tebulo, n'kutsitsa dzanja ngati ndikutola cholembera, ndinakanda, ndinafinya, osaphula kanthu. Thukuta linayamba kutsikira m'maso. Ndiye munthu wophunzira, wa satifiketi yake, anapukuta maso ndi dzanja liti? Lomwelo!

Misozi inangoti mbwee, mamina nawo osafuna kutsalira. A tcheyamani anandigunyuza ndi chigongono.

"Ahedi, kodi mwatani? Mutiphetsa inu."

"Feteleza, bwana," ndinanong'ona. Mpaka lero sindidziwa kumene yankho limeneli linachokera.

Mlendo anatembenuka n'kundiona, ine ndinayamba kuganiza za amene adzandithandize kulongedza katundu. Koma bambo aja anakweza dzanja.

"Taonani mphunzitsi uyu! Chitukuko chamulowa mpaka mumtima! Imirirani, aphunzitsi, anthu akuoneni!"

Ndinaimirira, nsapato imodzi, sokosi yobooka chala chili panja, amayi nthungululu, ana anga a sukulu akuluma makolala kuti asaseke. Mlendo anabwera n'kundigwira dzanja, dzanja lomwe lija, ndi manja ake onse awiri, kuligwedeza, osafuna kulisiya. Atabwerera pamalo pake anapitiriza za feteleza, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ine ndinkayang'ana dzanja lawolo likukwera pang'onopang'ono kupita kumaso. Ndinapemphera, anzanga. Sizinathandize.

Anaphethira, anatsonya, mawu anayamba kunjenjemera. Kodi munthu wamkulu akanati chiyani pagulu? Anangoti, "Inenso zandikhudza," misozi ili chuchuchu. A tcheyamani poona kuti bwana akulira anaona kuti si bwino kukhala ndi maso ouma, nawonso anatulutsa kampango. Posakhalitsa tebulo lonse linali kufwenthera chifukwa cha feteleza.

Potsanzikana mlendo anauza a tcheyamani kuti mphunzitsi wotere asachoke m'dera lino, ndipo ndinakhaladi pasukulupo mpaka kupuma ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti botolo lopanda dzina sindidzaligwiranso ndili ndi chimfine, chidendene ndimangochigubuduza pa chitsononkho, chimene sichinalizepo munthu.

Nditafika kunyumba ndinasamba m'maso ndi sopo, kuwawa kunatha dzuwa lisanalowe. Misozi yokha inaleka m'mawa mwake.