Nthungululu Yanga mu Nyimbo ya a Dennis

Inu amene mumati ndimakokomeza ndikanena kuti mawu anga ali mu nyimbo ya kantire, zija za azungu a magitala, khalani pansi mundimve kaye, muzitsutsa ndikamaliza.

Nthawi ya korona ija, kuno kudziko la eni, ndinkasamalira bambo wina wokalamba, a Dennis, kunyumba kwawo. Munthu ameneyu si wamasewera ayi. Anayamba ndi kuyendetsa mathiraki ku Kewdale, nyimbo akulemba kuseri kwa mapepala a katundu, mpaka oyimba anayamba kuwalondola okha kuti awapekere ndi kuwajambulira. Kuseri kwa nyumba anali ndi situdiyo, khoma lonse zithunzi za anthu a zipewa zikuluzikulu amene anadutsa m'manja mwawo.

Ankafuna kujambula nyimbo yawo yomaliza, koma chifuwa chinali chitatha. Akayimba kamodzi, mawu ankazima sabata yathunthu. Owathandiza kuyimba anali atatsekeredwa kunja, malire otseka. Pakamwa panga mukupadziwa, ndinawauza kuti kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu ku Balga imayimira pa ine. Anati ndibwere Loweruka, ntchito yanga kungong'ung'udza pansipansi pa kolasi.

Ndinafika nditatchena, duku lalitali ngati wopita ku chinkhoswe. Mahedifoni anakana kulowa. Ndiye ndivule duku pamaso pa bambo wa eni? Ndinangowakhazika pamwamba pa dukupo, osamva kanthu, koma atandifunsa ndinavomera ndi mutu kuti zonse zili bwino. Mawu a nyimboyo sanandifike ngakhale limodzi, ndinkangoona zala zikuthamanga pa gitala, phazi likugunda pansi. Thupi linayamba lokha kugwedezeka, zibangili zili ngwerengwere pafupi ndi maikolofoni. A Dennis anatseka maso, kukweza mawu mpaka mitsempha ya pakhosi kuoneka. Kwathu munthu akayimba chonchi mumangomuyang'ana? Ndinaponya nthungululu, ija ya pa ukwati wa mwana woyamba.

Nyimbo itatha ndi pamene anandiuza. Kani nyimboyo inali yolira akazi awo, amene anamwalira chaka chomwecho.

Ndinagwada pa kapeti n'kuyamba kupepesa m'Chichewa, Chingerezi chitandithawa. Iwo mawu anali atapita kale, zobwereza panalibe. Anamvetsera zomwe tinajambulazo kawiri, ine ndili chigwadire, kenako monong'ona anafunsa kuti kwanu phokoso limeneli mumachita pa chiyani. Ndinati polandira mkwatibwi.

"Ndiye likhale momwemo," anatero. "Iyenso anali mkwatibwi wanga."

Zibangili zokha n'zimene anakhalira pansi masiku atatu kuzichotsa, mpaka simungadziwe kuti zinaliramo. Luso limenelo sindinalionepo kwa wina.

Chichitikireni zimenezi, sinditsegula pakamwa pa nyimbo ya munthu ndisanafunse ngati ili ya ukwati kapena ya maliro. Koma musandimvere chisoni. Ndinapatsidwa CD imodzi yosainidwa, dzina langa lakuti Nambewe lili pachikuto m'munsi mwa la woyimba ng'oma amene anadzawonjezera zake pambuyo pake, ndipo mu nyimbo yonseyo masekondi anayi ndi angaanga.