Tambala Wabuluu pa Chinkhoswe cha Asisi

Mpaka lero amalume akandiona ndagwira foni amasamuka mpando. Sindiwadandaula, ali ndi chifukwa.

Nditangolemba mayeso a Fomu 4 ndinali lova wamkulu mu Area 25 yonse. Ndiye mnzanga wina wa ku Mgona atandiikira pulogalamu yokonzera mavidiyo pa laputopu ya asisi, ndinayamba kudzitcha edita (ndinali nditaonerapo kavidiyo kamodzi kophunzitsa, nako bandulo inathera pakati). Chinkhoswe cha asisi chitayandikira ndinawauza kuti asavutike kufuna wojambula. Iwo anati, "Ukachita bwino ichi, ukwati womwe ujambula ndiwe." Basi, ine m'mutu ndinali nditatsegula kale situdiyo m'tauni, antchito mbwee.

Za yunifolomu pa chinkhoswe mukuzidziwa. Ife akuchikazi tinasoketsa chitenje cha olenji, akuchimuna cha buluu. Ndinajambula zonse, kuvina, kusinthana nkhuku, ngakhale anthu akudya.

Vuto langa ndi loti batani lililonse ndimafuna ndidziwe limatani. Ndinaika vidiyo yomweyo kawiri, ina pamwamba pa inzake, zija amati maleya. Pa yapamwambayo ndinadina batani lotembenuza mitundu. Mayo ine! Anthu onse anasanduka mizukwa, nkhope zoyera mbee, mano akuda bii. Ndinaseka mpaka galu wa aneba anathawira ku Kanengo.

Kenako ndinati, nanga maleya awiriwa nditawasakaniza zingatani? Njira zosakanizira zilipo zambiri, ndinayesa imodziimodzi mpaka ndinapeza ina yotenga mitundu yokha ku leya yapamwamba, kuwala n'kukhala kwa yapansi. Mizukwa inatha. Mano anayeranso. Nkhope zinangotsala ndi kabuluu pang'ono, ine n'kumati zija za m'mafilimu ndi zimenezi. Olenji analipo, buluu analipo, sindinaone kuti zasinthana eni ake. Ndinaseva, kenako ndinafufuta zoyambirira zonse, mufoni ndi mulaputopu momwe, kuti magemu apeze malo. (Ndikudziwa. Musandiuze.)

Lamulungu masana banja lonse linadzaza pabalaza, alamu nawo atakhala mwaulemu pakona. Ndinalumikiza ku TV ndikudzimva.

Oyamba anali amayi. "Kodi akuchimunawa chitenje chathu anachitenga kuti?"

"Ndi sitayilo, amayi," ndinatero.

Kenako panabwera tambala amene akuchimuna anapereka. Anali wofiira, koma pa TV anatuluka wabuluu ngati wagwera mu penti.

"Tambalayu ndinagula ndekha," alamu anatero chapansipansi. "Sanali chonchi."

Zikanathera pa nkhuku bwenzi zili bwino. Koma panatulukira mayi wina wa chitenje cha olenji, nditamujambula chakumbuyo, akudula chiuno ngati alibe mafupa, bambo wina akumupemerera ndi jekete. Amalume, omwenso ndi ankhoswe athu, anaimirira n'kuyang'ana akazi awo.

"Amake Tadala! Si inu munati bondo likupweteka, simuvina?"

"Ine? Abambo inu, zaka zonsezi simudziwa mbina ya mkazi wanu? Imeneyo ndi yanga?"

"Nanga wovala olenji angakhale wakuchimuna? Bwezera kumbuyo, iwe!"

Ndinabwezera. Chiuno chija chinayambiranso. Amalume anafika mpaka pa TV penipeni kuti aonetsetse. Apa mpamene alamu anakhosomola, maso ali pa nsapato zawo.

"Pepani amalume. Amenewo ndi amayi anga."

Amalume anabwerera pampando wawo.

"Bweretsa yoyamba ija," asisi anatero osandiyang'ana.

"Inafufutika."

"Yokha?"

Ndinayesa kufotokoza kuti mtundu uliwonse uli ndi mnzake wotsutsana nawo, kuti olenji ukamutembenuza amakhala buluu, kuti mwina nditatembenuzanso zibwerera. (Zoona, ndimafunitsitsa nditaona ngati zingatheke.) Asisi anatseka laputopu n'kuikhalira.

Ukwati anajambula ndi bambo wina waganyu. Ine anandipatsa udindo wonyamula mipando. Ndiye ndaphunzira kuti batani lomwe sukulidziwa usamalidine pa zinthu za eni ake. Kungoti kamera ya bamboyo inali ndi kabatani kena kofiira chapambali, ndipo atapita kukadya anaisiya pampando womwe ndimayenera kunyamula. Tsopano ndikudziwa kamatani. Asisi sanadziwebe, vidiyo yawo akuidikira.