Ndevu za Ba Mwansa

Inu amene mukuseka kumbuyoko, dikirani ndimalize, kenako munene pamaso panga kuti ine Amidu ndine wabodza. Bambo anga anachoka ku Mangochi ndi lumo limodzi ndi mwala wonolera wotola mumtsinje, ndipo ndameta nazo anthu muno m'komboni ya Chawama mpaka imvi mukuonazi.

Kunali Ba Mwansa, oumba mabuloko, ochokera ku Kitwe. Akazi awo atamwalira analeka kumeta, sanalire ngakhale pamanda. Ankangoumba, fumbi la simenti likulowa m'ndevu, thukuta likunyowetsa, dzuwa likuumitsa, mpaka ndevu zija zinagwirana ngati khoma kuchokera m'makutu kufika pamchombo, chibwano chinauma, pakamwa n'kungotsala kabowo kolowetsera phala. Mukumva?

Mwana wawo wamkazi, Chanda, anabwera kwa ine maso ali psuu. "Ba Amidu, nikwatiwa pa Loweruka, koma batate sibangakambe. Azanidalisa ndani?"

Tinawabweretsa Ba Mwansa pampando uwu. Ndinayamba ndi mwala wa m'sitolo, uja woumba kufakitale, poti umanola msanga. Umanoladi, koma umadya chitsulo n'kusiya timano tosaoneka ndi maso. Lumo litangokhudza ndevu zija linathetheka moto, motowo unalumpha mpanda n'kuyatsa mbaula za mzere wonse, azimayi n'kuyamba kuphika nthawi isanakwane, lumo langa n'kubunthiratu ngati supuni. Ba Mwansa anangondiyang'ana. Chanda anabisa nkhope m'chitenje.

Pamenepo ndinasamba m'manja, ndinatulutsa mwala wa bambo, ndinaudonthezera madzi, n'kunola pang'onopang'ono, poti mwala wa Mulungu sufuna phuma, mpaka unatulutsa matope oyera ngati mkaka. Nditakweza lumo kuti ndilione, linadula pakati mawu a kondakitala amene ankaitanira minibasi pamsewu kuti "Chawama!": "Chawa" anapitirira mpaka m'tauni, "ma" anagwera m'ngalande. Ndikulumbira.

Ndinameta. Lumo linkayenda mwakachetechete, ndevu zikugwa zigawozigawo, pansi pakunjenjemera, khungu osakalika ngakhale pamodzi. Chibwano chitamasuka, mkuluyo anatsegula pakamwa n'kuitana malemu akazi ake aja, mayi a Chanda: "Bana Chanda!" Misozi yonse imene inatsekeredwa kuseri kwa simenti inatuluka nthawi imodzi, inadzaza shopu yanga, inasefukira mumsewu kufika m'mawondo, anthu anapinda mathalauza n'kuwoloka, zipewa zili m'manja, popanda wodandaula. Ba Mwansa atatha kulira anaika dzanja pamutu pa mwana wawo, ndipo mawu amene ananena sindingawabwereze, anali a iwo awiri.

Zigawo za ndevu zija tinazituta pawilibala, Ba Mwansa n'kumangira chiliza cha akazi awo. Chilipo. Mvula ikangogwa chimamera ndevu, zakuda bii, ndipo amene amapita kukachimeta ndine, ndi lumo lomweli, lonoledwa pamwala womwewu. Amene akukana anyamule mwala wake wa m'sitolo, tipitire limodzi kumanda, akayambe iyeyo kuchimeta.