Maola awiri amene ndinabisa mu laputopu

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene amasunga ngakhale opusa, pakuti sabata imeneyo ine ndinali mtsogoleri wawo.

Ndimagwira ntchito pa kabungwe kena pa Kamwendo, yoyesa pulogalamu yokumbutsa amayi pa foni tsiku ndi ola la sikelo ya ana. Ndinalemba mayeso odziyendera okha. Amafunsa seva, kompyuta yaikulu ya pa intaneti, nthawi imene uthenga walembedwa, n'kuiyerekeza ndi wotchi ya laputopu yanga. Zikafanana pamayaka chobiriwira. Lachisanu 10 koloko tinayenera kukaonetsa anamwino ku boma, kuti avomereze ntchitoyo kapena aikane.

Lachitatu panayaka chofiira. Kwanga 10 koloko, kwa seva 8 koloko. Ndinabwerezanso: maola awiri ndendende. Ndinakumbukira mfumu yodwala ya m'Malemba ija imene mthunzi unaibwerera m'mbuyo (koma ine ndine yani, munthu wokwera kabaza?).

Kenako ndinanamizira Zambia.

"Mayi Banda, netiweki ya kutsidya yatilowerera," ndinauza bwana wanga.

"Achimwene, ku Chipata wotchi zawo n'zofanana ndi zathu. Fufuzani bwino."

Sindinafufuze. Ndinangobweza wotchi ya laputopu ndi maola awiri. Chobiriwira! Ndinaimba nyimbo yachiyamiko, mavesi onse anayi.

Lachisanu magetsi anazima, foni inatha moto, ndiye ndinadalira laputopu. (Dzuwa linali pamutu, koma ndinakhulupirira makina kuposa nyali imene Mlengi anapachika yekha.) Ndinalowa ndi tayi, ndikudziyesa wolawira. Anamwino anali akunyamula zikwama, atandidikira pafupifupi maola awiri.

"Uyu ndiye wotikumbutsa nthawi uja?" anafunsa mmodzi. Anzake anaseka mpaka kukhalanso pansi.

Nditaulula zimene ndinachita, Mayi Banda analoza kachilembo ka Z kumapeto kwa nthawi ya seva. "Aka kakuimira nthawi imodzi imene makina a dziko lonse anagwirizana. Ife tili patsogolo pake ndi maola awiri. Musanayerekeze, zonse ziwiri muziike pa muyeso umodzi. Inu mwakonza dzuwa m'malo mokonza mayeso."

Manyazi onse ndinawaiwala. Wina ali mtulo kutsidya kwa nyanja zamchere, wina akukumba mtedza ku Mkanda, koma mphindi ndi imodzi, ndipo Mwini wake sanaiphonyepo chilengere dziko!

Anamwino analola kubweranso Lolemba, bola Mayi Banda adzanditenge okha pakhomo.

Iye amene asunga nthawi zonse m'dzanja lake akusungeni, abale anga, potuluka ndi polowa.